Ankhoswe a Barele

Pamalo ofufuzira za mbewu paja, dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a ku ofesi okha. Ena onse, kuyambira mlonda wa pageti mpaka madokotala a za mbewu, ankangowaitana kuti Ankhoswe. Dzinali silinali lachipongwe ayi. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ntchito ya amayi amenewa inali yokwatitsa barele, mbewu yofanana ndi tirigu.

Wina angaseke, koma ntchitoyi si yamasewera. Barele ndi mbewu yosafuna za anzake. Duwa lililonse lili ndi mbali yaikazi komanso timatumba titatu ta mungu, ndiye limadzibereketsa lokha lisanatseguke n'komwe. Ofufuza akafuna mtundu watsopano, wotenga kupirira chilala kwa uyu ndi maso akuluakulu kwa uyo, pamafunika munthu woti alowerere. Munthuyo amatsegula ngala ikadali yanthete n'kuchotsa timatumba ta mungu ndi kachitsulo kopanira, titatu pa duwa lililonse, maluwa makumi awiri pa ngala imodzi. Akasiyamo kathumba ka mungu kamodzi kokha, ntchito yonse yalowa m'madzi. Akatha amaveka ngalayo kathumba ka pepala, n'kudikira masiku awiri kapena atatu, kenako n'kubweretsa mungu wa mtundu umene wasankhidwa kukhala bambo. Pomaliza amalemba m'buku: mayi poyamba, bambo pambuyo, tsiku, ndi siginecha ya wokwatitsayo.

Ankhoswe sanapite patali ndi sukulu. Bambo awo anali telala, ndipo iwo anakula akuwalowetsera ulusi pa singano. Pamalopo anabwera ngati wopalira m'minda yoyesera mbewu. Tsiku lina mnzawo anagweredwa m'diso ndi kamunga ka ngala. Anthu akusokosera, wina akuti thirani madzi, wina akuti uzirani, iwo anangopinda nsonga ya mpango n'kukachotsa, dzanja osagwedera. Mkulu wa ofufuza wa nthawi imeneyo anali ataima chapafupi. Ankatchedwa Achipewa chifukwa chipewa sankavula ngakhale mu ofesi.

"Manja awa akungowonongeka ndi khasu," anatero Achipewa. "Mawa ubwere ku nyumba ya magalasi, kokwatitsira mbewu."

Achipewa anali munthu wa mawu ochepa koma olasa. Lamulo lawo linali lakuti m'buku la maukwati a mbewu mumalembedwa ndi cholembera cha inki, ndipo simufufutidwa kanthu. Wolakwitsa adule mzere umodzi pa zolakwikazo, alembe zoona pambali, asainire, kuti aliyense wotsegula bukulo aone kuti wakutiwakuti anaphonya tsiku lakuti. Mabuku a anthu ena anali mizere yokhayokha ngati mpanda. Mabuku a Ankhoswe anafika khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo munalibe mzere ndi umodzi womwe. Wantchito watsopano akabwera, ankayamba kumuonetsa mabuku amenewa asanamuonetse kumene kuli chimbudzi. Zimenezi zinkawakomera Ankhoswe, tisabise. Nyumba yaikulu analibe, galimoto analibe, koma dzina anali nalo.

Mwa ana onse a maukwati awo, wotchuka anali Nambala 417. Chaka china mvula inadula barele atangoyamba kutulutsa ngala. Mizere yonse inauma ngati tsache, koma 417 anaima chilili, wobiriwira, mpaka anakhwima. Chaka chinanso chouma anachita chimodzimodzi. Alendo ankabwera kuchokera kutali kudzamujambula. Buku lachiwiri la Ankhoswe linkanena momveka kuti mayi wake ndi Nambala 12, bambo wake ndi Nambala 88.

Achipewa anapuma ntchito, kenako anamwalira. Patapita zaka kunabwera mayi wina wophunzira kwambiri, amene onse ankangomuti Adokotala, ndi makina oyeza chibadwa cha mbewu kuchokera pa kachidutswa ka tsamba. Antchito ankati akuyeza magazi a barele. Cholinga cha Adokotala chinali kupeza pamene pamakhala kupirira kwa 417, kuti akusamutsire ku mitundu ina. Anayeza mwana, anayeza mayi, anayeza bambo. Za mayi zinagwirizana bwinobwino. Za bambo zinakana. Anabwereza kawiri, katatu, anasintha mankhwala, anatumiza masamba kwina, koma yankho linali lomwelo: 417 analibe chilichonse cha Nambala 88.

Nkhaniyi itafika m'chipinda chomwera tiyi, dalaivala wa thirakitala anamenya tebulo.

"Ndiye kuti mwanayu ndi wa kwa aneba! Ankhoswe, mwatigulitsa ukwati wachinyengo!"

Anthu anaseka mpaka misozi. Ankhoswe anaseka nawo, koma tiyi wawo anazizirira m'kapu.

Adokotala sanaseke. Iwo anaganiza monga mmene aliyense pamalopo akanaganizira: buku la Ankhoswe silinama, ndiye kuti mbewu imene ili mu envelopu yolembedwa 88 si 88 weniweni. Wina anasokoneza maenvelopu. Wosunga mbewu anali bambo wina wofatsa wotchedwa Achijasi, chifukwa ankavala chijasi chokhuthala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, poti ntchito yawo inali yolowa ndi kutuluka m'chipinda chozizira. Zaka zisanu zapitazo, posamutsa nkhokwe ya mbewu, ndi iwo amene anapakiranso maenvelopu zikwi zisanu ndi zinayi. Ngati anasokoneza imodzi, ndani angalumbire kuti sanasokoneze zana?

Anawalanda makiyi. Anawapatsa kalata yonena kuti adikire akuluakulu ochokera ku likulu, amene adzagamule ngati ntchito ipitirire kapena ithe. Kuyambira tsiku limenelo Achijasi ankafika m'mawa monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pa benchi pakhonde la nkhokwe, chijasi chili pa miyendo. Anthu amene kale ankacheza nawo anayamba kudutsa mothamanga, ngati kuti tsoka ndi chimfine. Ankhoswe ankadutsa pomwepo popita ku nyumba ya magalasi.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Tadzuka bwino, achemwali. Kaya inu?"

Anapatsana moni choncho kwa miyezi inayi, ndipo m'mawa uliwonse Ankhoswe ankadziwa kuti munthuyo sanalakwe kanthu.

Zimene zinachitika ndi izi. M'chaka chawo chachiwiri ku nyumba ya magalasi, Achipewa anapita ku msonkhano n'kusiya mawu akuti, "12 ndi 88. Ndikabwera ndipeze zatheka." Lachisanu Ankhoswe anakonza ngala zisanu ndi imodzi za Nambala 12 n'kuziveka timatumba. Loweruka ndi Lamlungu kunatentha koopsa, ndipo makina opemerera mphepo anafa popanda woona. Lolemba m'mawa nyumba ya magalasi inali ngati uvuni. Maluwa a 12 anali atatseguka, akudikira, koma timatumba ta mungu ta 88 tinali titauma gwaa. Anagwedeza ngala iyi, anagwedeza iyo, osagwa kanthu. Duwa la barele silidikira munthu. Likadutsa masiku ake, ndiye mpaka chaka chamawa.

Pafupi ndi chitseko, pamene paipi ya madzi sinkafika bwino, panali mphika wa Nambala 62. Anali barele wamfupi, wa maso owonda, wosaoneka bwino, amene Achipewa anali atamumanga kale chingwe chofiira, kutanthauza kuti azulidwe n'kuwotchedwa. Ankhoswe atakhudza ngala yake, chala chinachita chikasu ndi mungu.

Anali ndi pakati pa mwana wawo woyamba. Anaganiza za nkhope ya Achipewa, anaganiza za khasu limene anasiya. Anatenga mungu wa 62 n'kuthira pa ngala zonse zisanu ndi imodzi, ndipo m'buku analemba 88, ndi zilembo zawo zokongola zija. Mumtima ankati palibe chimene chidzatulukepo, pajatu pa maukwati mazana a mbewu, opulumuka pa mayeso amakhala amodzi kapena awiri, ena onse amathera pamoto. Tsiku lozula miphika ya chingwe chofiira, anathyola ngala ziwiri za 62 n'kuziika m'thumba la epuloni. Chifukwa chake sankachidziwa bwino. Mwina ankafuna kuti tsiku lina akadzafunsidwa adzakhale ndi choonetsa.

Palibe amene anawafunsa. Bodza lawo silinathere pamoto ngati mmene ankayembekezera. Linamera, linakhwima, linatchuka. Chaka chimene 417 anaima yekha m'munda wouma, Achipewa anavula chipewa pamaso pa anthu kwa nthawi yoyamba n'kuwagwira chanza Ankhoswe. Imeneyo ikanakhala nthawi yonena. Koma munthu akukuyamikira atavula chipewa, pakamwa pamalemera. Anati adzanena mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Kuseri kwa nyumba yawo, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi khoma la aneba, panali beseni lakale lobooka pansi. Pakatha zaka ziwiri zilizonse Ankhoswe ankadzalamo 62, kuti mbewuyo isafe ndi ukalamba. Ikakhwima ankapukusa, n'kuika m'botolo, n'kulibisa pamwamba pa kabati. Ana awo anakula akuganiza kuti amayi amangokonda ntchito mopitirira. Amene ankadziwa zonse anali amuna awo okha, makaniko wopuma ntchito, amene ankatcha barele wa m'beseniyo kuti mkamwini.

"Mkamwini wanu akufuna madzi," ankatero, akuseka chamumtima.

Koma Lamlungu lina masana, Ankhoswe atakhala pa mpando pafupi ndi besenilo, bamboyo sanaseke. Kunali kutatsala milungu itatu kuti Ankhoswe apume ntchito. Zala zawo zinali zitayamba kunjenjemera, moti chaka chimenecho ngala zovuta ankazisiyira ena. Kuntchito anali kukonza mwambo wotsanzikana nawo, ndipo anali atamva mphekesera yakuti tsamba la buku lachiwiri, pamene panalembedwa ukwati wa 417, alijambula kuti aliike mu felemu. Akuluakulu a ku likulu ankayembekezeka Lachinayi.

"Mayi a ana," anatero bamboyo, akupukuta sipanala imene inali yoyera kale, "Lachinayi likafika, munthu wa pa benchi uja akauza chiyani ana ake?"

"Mwina amukhululukira. Wagwira ntchito zaka zambiri."

"Amukhululukire chiyani? Walakwa chiyani?"

Ankhoswe anayang'ana barele wa m'beseni uja.

"Ine ndakhala nanu zaka zonsezi osakukakamizani," anapitiriza bamboyo. "Ndinkati ndi nkhani ya udzu, sipweteka munthu. Lero yapweteka munthu."

"Bambo, ndatsala ndi milungu itatu. Milungu itatu yokha. Ndichoke ngati wabodza? Mabuku onse aja adzayamba kuwakayikira. Zaka makumi atatu ndi zinayi, tsiku limodzi lokha ndi limene ndinanama."

"Ndikudziwa. Ndinalipo, munabwera kunyumba osadya." Anaika sipanala pansi. "Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma apa manyazi ndi anu, amene akufera kuuna ndi wina."

Mawu amenewa anawapweteka Ankhoswe kuposa kutukwanidwa. Analira, ndipo bamboyo sanawatonthoze. Anangolowa m'nyumba, anakwera pa mpando ngakhale mawondo ankawavuta, n'kutsitsa botolo lija pamwamba pa kabati. Analipukuta fumbi n'kuliika pa tebulo, pamalo pamene mkazi wawo amaika chikwama chopita nacho kuntchito.

Lolemba m'mawa Ankhoswe sanadzere pakhonde la nkhokwe. Anazungulira kuseri n'kukagogoda ku ofesi ya Adokotala. Anakana mpando. Anaika botolo pa desiki n'kunena zonse ali chiimire: kutentha kuja, makina akufa, mungu wouma, mphika wa pachitseko. Sanakometse kanthu. Za pakati paja sanatchule n'komwe, poopa kuti zingamveke ngati akupempha chisoni.

Adokotala anavula magalasi n'kuwaika pa mapepala.

"Zaka ziwiri, mayi," anatero kenako, mawu ali pansipansi. "Zaka ziwiri ndakhala ndikufunafuna chinthu kwa bambo amene si bambo. Ndinabwera kwa inu kawiri. Ndinakufunsani ngati mukukumbukira chilichonse."

"Munandifunsa."

"Ndipo munandionetsa buku."

"Ndinakuonetsani buku."

"Ine ndi amene ndinalemba kalata ya Achijasi. Ndi dzanja langa ili. Ndinailemba chifukwa ndinakhulupirira inu."

Adokotala anatsegula botolo, anathira mbewu zingapo padzanja n'kuziyang'anitsitsa. Zinali zowonda, zotuwa, zosasiririka.

"62 mulibe m'nkhokwe," anatero. "M'kaundula analemba kuti anatayidwa. Ndiye kuti mbewu yake yonse ndi iyi?"

"Ndi imeneyo, ndi ina imene ili m'beseni kwathu."

Pofika Lachitatu madzulo makina anali atayankha. Zonse zimene zinkasowa mwa 88 zinapezeka mwa 62. Adokotala anaimbira foni ku likulu kuti akuluakulu aja asabwere, ndipo makiyi anabwezedwa kwa mwini wake. Nkhani inawanda pamalo ponse ngati moto wa m'tchire. Ena ankanong'ona Ankhoswe akamadutsa. Ena, okoma mtima mopusa, ankafuna kuisandutsa nkhani yosangalatsa.

"Koma Ankhoswe, mukanamvera Achipewa bwenzi 417 kulibe," anatero dalaivala wa thirakitala uja. "Kulakwa kwanu kunabala mwayi. Akuyenera kukupatsani mphoto!"

"Mwayiwo ndi wa barele," anayankha Ankhoswe. "Ine changa ndi chimene ndinalemba."

Ndipo ananena zoona. Kuthira mungu wa 62 kunali kulakwa kwa mtsikana wamantha, ndipo kukanatha ndi mzere umodzi m'buku ndi kukalipiridwa kwa tsiku limodzi. Chimene chinakhazika munthu pa benchi miyezi inayi sichinali mungu.

Panatsala chinthu chimodzi. Mbewu iliyonse yolowa m'nkhokwe imayenera kulandiridwa ndi wosunga mbewu, ndipo woibweretsa amabwera yekha. Adokotala ananena kuti akhoza kuitumiza ndi munthu wina, koma Ankhoswe anakana. Lachisanu m'mawa ananyamula botolo ndi buku lachiwiri n'kupita ku nkhokwe.

Benchi ya pakhonde inali yopanda munthu. Achijasi anali m'kachipinda ka kutsogolo, atavala chijasi chawo, akukonza sikelo pa tebulo. Kuseri kwa chitseko chachitsulo makina oziziritsa ankalira.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Achijasi sanayankhe moniwo. Analandira botolo, anathira mbewu pa sikelo, analemba kulemera kwake, anatenga envelopu yatsopano. Ankafunsa mafunso a pa fomu limodzilimodzi, maso ali pa pepala. Nambala ya mbewu. Chaka chimene inakololedwa. Kumene yakhala ikusungidwa.

"Pamwamba pa kabati," anatero Ankhoswe.

Achijasi analemba zimenezo osamwetulira. Atamata envelopu anakweza maso.

"Achemwali, ine za mungu sindikukuimbani mlandu. Aliyense pano analakwitsapo. Koma miyezi inayi. M'mawa uliwonse munkandifunsa mmene ndadzukira."

"Ndinkakufunsani."

"Mukudziwa kuti ndinayamba kukhulupirira kuti ndinasokonezadi? Ndikakhala pa benchi paja ndinkayesa kukumbukira tsiku losamutsa lija, shelefu ndi shelefu, envelopu ndi envelopu. Ndinafika pouza mkazi wanga kuti mwina mutu wanga wayamba kutha. Ndinkati buku la Ankhoswe silinganame, ndiye wolakwa ndine."

Ankhoswe anafuna kunena kuti pepani, ndipo ananenadi, koma mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri poyerekeza ndi zimene anayenera kunyamula. Achijasi sanati zikomo, sanatinso zatha. Anangoyang'ana buku limene linali m'khwapa mwawo.

"Mwabwera nalo?"

Analitsegula pa tebulo, pambali pa sikelo. Mapepala anali atasanduka achikasu, koma zilembo zinali zooneka bwino, zozungulira, zoima mowongoka ngati mizere ya m'munda. 12, kenako 88, tsiku, ndi siginecha ya mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu. Ankhoswe anatenga cholembera. Dzanja lija limene linachotsa kamunga m'diso la munthu osagwedera linayamba kunjenjemera, ndipo buku linkasuntha pa tebulo losalala. Anayesa kulipanikiza ndi chigongono, koma linatererabe.

Achijasi anayang'ana kwa kanthawi. Kenako anatambasula manja n'kugwira bukulo mbali zonse ziwiri kuti lisasunthe.

Mzere unatuluka wokhotakhota, wonenepa poyambira, wowonda pothera, koma unadula 88 pakati. Pambali pake Ankhoswe analemba 62, ndi zilembo za munthu wokalamba, n'kusainira. Anaika cholembera pansi n'kufuna kutseka buku.

"Simunamalize," anatero Achijasi, manja akadali pa bukulo. "Lembani tsiku la lero, achemwali. Aliyense wodzatsegula pano adzaone kuti panadutsa zaka zingati."

Ankhoswe anatenganso cholembera n'kulemba tsikulo.